Chitsulo Chimene Anasankha a Alufandika

A Alufandika analibe pepala la sukulu, koma galimoto ankaimva ndi msana. Makolo awo anathawa Apwitikizi n'kudzakhala pa esiteti ya mzungu wina ku Chileka, ndipo iwo anatha zaka makumi awiri kunsi kwa malole a mzunguyo.

M'zaka za Chitaganya bwanayo anagula galimoto yokatengera chimanga ku Lirangwe. Pokhota inkapendekeka ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko. Mankhwala ake anali chitsulo chopingasa chimene amamanga kunsi, pakati pa mawilo akutsogolo. Zinabwera ziwiri, chonenepa ndi chowonda, ndipo a Alufandika anasankha chowonda.

Koma pa esitetipo panali patabwera kapitawo watsopano, mzungu wochokera ku Halale, wa mapepala ake.

"Bwana, chonenepachi n'cha pa tala," anatero a Alufandika. "Msewu wa ku Lirangwe ndi wamiyala. Kutsogolo kukauma, galimoto ikana kukhota."

"Buku likuti chonenepa. Unawerengapo buku iwe, boyi?" anayankha kapitawoyo.

Bambo wa imvi, wa ana asanu, ati boyi. Anamanga chonenepacho bwinobwino, poti ntchito yachinyengo sankaidziwa.

Sabata isanathe, dalaivala Salumu anapotoza chiwongolero pafupi ndi mtsinje wa Lirangwe, galimoto n'kungolunjika m'munda wa chinangwa. Anathyoka mkono. Bwana sanafunse amene anasankha chitsulocho, anafunsa amene anamanga. Mutu ukakula sulewa nkhonya, amatero, koma ulendo uno nkhonya inalambalala mutu waukulu.

Powachotsa ntchito anawapatsa kalata yachingerezi. Akazi awo a Nellie anaikulunga m'kansalu koyera, poyesa ndi umboni wa zaka makumi awiri zija. A Alufandika anaionetsa m'magalaja a ku Blantyre ndi ku Limbe, koma paliponse ankangowabwezera. Kalaliki wina ndiye anawamvera chisoni n'kuwawerengera: wosasamala, wosamva malangizo. Chinawawawa kwambiri n'chakuti miyezi itatu yathunthu anayenda akudzinyoza okha ndi kalatayo osadziwa, chipewa chili m'manja.

Anakakhala ku Lirangwe, n'kumamata machubu a njinga pakhonde la sitolo. Tsiku lina galimoto ija inaima pomwepo, Salumu n'kutsika.

"Achimwene, pano ikukhota bwino zedi. Kapitawo uja anamangamo chitsulo chanu chowonda chija. Akuti anachiganiza yekha, ndiye bwana wamukweza."

A Alufandika anayala saka pansi, n'kulowa kunsi kwa galimotoyo ndi sipanala yawo yakale. Manati awiri anali ogwedera. Anawalimbitsa, poti mkono umene unathyoka unali wa Salumu, osati wa kapitawo.

Anatuluka akusasa fumbi.

"Musakanene kuti ndagwirako, a Salumu. Ikadzagwanso adzati ndine."