Funkha la Makoswe Oyera

Ndikukumbukira fungo la kanyumba kaja kuposa nkhope ya mwini wake. Kanali ka njerwa zosawotcha, kofolera ndi malata, kuseri kwa nyumba ya dokotala wina wachizungu kumapeto kwa Boma la Mzimba. Ukangokankha chitseko, unkalandiridwa ndi fungo la mkodzo wa makoswe, madeya onyowa ndi mankhwala ena ake oyabwa kukhosi. Nkhondo ya Jeremani inali itangotha kumene, ndipo ine Esitere ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu, msinkhu umene mwana amaganiza kuti akulu onse ndi ochedwa kumva.

Kwathu kunali kumwera, kufupi ndi malire a Kasungu. Amuna ambiri a m'mudzi mwathu anali atatsika kale kukagwira ntchito ku migodi ya ku Halale ndi ku Joni, ndipo obwerako anali apatalipatali. Bambo anga okha ndiwo anachita mwayi. Dokotala uja ankafufuza za matenda a kaodzera, ndipo anabwera ndi makoswe oyera mbee, a maso ofiira, oti aziyeserapo. Atafuna munthu wowasamala, anthu analoza bambo, poti m'dera lonse panalibe wowaposa pokumba mbewa. Tinasamukira ku Boma. Amayi ankanena mosabisa kuti makoswe amenewo ndiwo ankawasungira mwamuna pakhomo, ndipo m'pemphero la banja ankawatchula makoswewo pambuyo pa ife ana.

Koma ku Mzimba mwamuna amamuyeza ndi ng'ombe. Bambo akamadutsa pamsika, madoda ankagwirana zigongono n'kukuwa kuti, "Monire a Phiri! Ng'ombe zinu zawuka makora?" Bambo ankaima, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse. "Zadzuka bwino, yewo chomene. Zanga sizilowa m'munda mwa munthu." Anthu ankafa nako kuseka, koma ine ndinkachita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi.

M'kanyumbamo munali mabokosi asanu ndi atatu a malata, khoswe aliyense m'bokosi mwake, nambala yake itapakidwa pachivundikiro. Anayi anali atabayidwa magazi a munthu wina wodwala kaodzera, amene anabwera naye pamachila kuchokera kuchigwa, n'kumwalira patangopita masiku ochepa. Anayi enawo sanabayidwe, anali oti dokotala azifananitsira. M'mawa uliwonse ankatenga kadontho ka magazi kunsonga ya mchira n'kukayang'ana pagalasi lake loonera tizilombo. Sindingamunamizire, sanali munthu wankhanza. Ankawagwira mofatsa, akuwayankhula chinenero chake, ndipo wina akadwala kwambiri ankamugoneka ndi thonje la mankhwala kuti asavutike mpaka kumapeto. Chimene sankachimva ndi kuzizira. Kwawo akuti madzi amauma gwa, ndiye chisanu cha ku Mzimba ankachiona ngati masewera.

Mwezi wa Juni unafika ndi mphepo yake yolowa m'mafupa. Malata aja ankazizira ngati mwala wa kudambo, ndipo makoswe ankangodzikunga pangodya, ubweya uli nyankhalala. Bambo anapempha kudzera mwa kalaliki wa dokotala, a Nyirenda, kuti awaikire funkha, udzu wofewa uja umene mbewa zimayala kumapeto kwa una wake. Dokotala anakana. Anati udzu umabwera ndi nthata, ndipo nthata zingasokoneze magazi. Madzulo ake bambo anadandaula kwa amayi ine ndikumva. Anati pa mauna onse amene anakumbapo, sanapezepo mbewa itagona padothi lokha nyengo yachisanu. Zimagona pafunkha, zitaunjikana, ina pamwamba pa inzake. Mawu amenewo ndinawasunga, ngakhale sanali anga.

Tsiku lake linali Lachinayi. Ndinawapititsira bambo mbatata yowotcha dzuwa litakwera pang'ono, koma nkhungu inali isanachoke. Madeya anali atatha, ndipo bambo anatenga dengu kuti akafune ena kwa amayi osinja pafupi ndi msika. "Ukhale pakhomo pano, mama. Usakhudze kanthu." Ndinavomera ndi mutu, ndipo atangokhota ndinalowa.

Khoswe wa m'bokosi lakumapeto ankanjenjemera thupi lonse. Ndinamuika pachikhatho, timapazi take tili zii. Mtima unandipweteka, ndipo ndinakwiya. Ndinakwiyira dokotala, ndinakwiyiranso bambo chifukwa chodziwa chochita koma osachichita. Ndinathamangira kuseri, n'kuzula udzu wouma, n'kuutikita m'manja mpaka unafewa. Ndinauyala m'bokosi lalikulu lamatabwa limene linali pakona. Kenaka ndinatsegula zivundikiro zonse, n'kuwanyamula mmodzimmodzi kuwaika pamenepo.

Ananunkhizana kaye, kenaka anayamba kukwawirana mpaka anasanduka mulu umodzi woyera, michira yokha ili panja. Kunjenjemera kunatha. Ndinakhala chogwada ndikuwayang'ana, ndipo sindikumbukira tsiku lina la ubwana wanga limene ndinadzimva wanzeru ngati pamenepo.

Ndinadzidzimuka ndi dengu likugwa pakhomo. Bambo anayang'ana mabokosi apululu aja, n'kuyang'ana mulu uja. Sanakalipe. Anagwada pambali panga, natola khoswe mmodzi, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Uyu wachokera m'bokosi liti?" Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Anali woyera, wa maso ofiira. Anzake onse analinso oyera, a maso ofiira. Nambala zinali pa zivundikiro, pathupi pawo panalibe chizindikiro chilichonse. Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita.

Tisanaimirire n'komwe, dokotala analowa ndi a Nyirenda. Nkhope yake inafiira, kenaka inayera. Anayankhula nthawi yaitali, ndipo a Nyirenda ankamasulira maso ali pansi. Akuti tizilombo tinali tisanayambe kuoneka m'magazi, choncho panalibe njira yodziwira obayidwa ndi osabayidwa. Akuti mwini magazi aja ali m'manda, ndipo ntchito yonse yapita m'madzi. Pomaliza a Nyirenda anati, "Bwana wakufumba, a Phiri. Akuti wachita izi ndani?"

Udzu unali ukadali pa zala zanga. Bambo anasuntha pang'ono n'kuima patsogolo panga.

"Ndine. Ndinaona kuti akuzizidwa."

A Nyirenda anandiyang'ana, n'kuyang'ana bambo, n'kuwachenjeza kuti aganize bwino. "Adada Phiri, ghanaghanani makora. Mukatero mbwenu ntchito yamala."

"Muwauze momwe ndaneneramo."

Ndikanatha kuyankhula. Lilime ndinali nalo, lomwe lija ndinkayankhira nalo amayi mwamwano. Ndinangokhala chete, ndipo mpaka lero sindinadzikhululukire.

Dokotala anawachotsa bambo ntchito tsiku lomwelo. Pobwerera kunyumba ndinkayenda kumbuyo kwawo ndikudikira mbama. Titafika pamtengo wa katope pafupi ndi mtsinje, anaima. "Anasiya kunjenjemera?" Ndinati eya. Anagwedeza mutu. "Basi. Amayi ako usawauze." Kwa amayi ananena zomwe ananena kwa dokotala, ndipo amayi analira, n'kuwafunsa ngati chisoni cha makoswe chinaposa cha ana awo.

Tinabwerera kumudzi kumalire. Tisanayambe n'kusosa komwe, bambo anamanga bulangeti lawo n'kutsagana ndi amuna ena asanu opita ku Halale wapansi. Tinawaperekeza mpaka pamphambano. Anandigwira pamutu, dzanja lawo likununkha fodya, n'kundiuza kuti ndizithandiza amayi kumunda. Kalata inabwera imodzi, chaka chotsatira, yolembedwa ndi dzanja la munthu wina. Kenaka zii. Anasanduka mtchona ngati ena onse, ndipo manda awo sitikuwadziwa.

Patapita zaka, a Nyirenda anadutsa kwathu pa ulendo wa mpingo. Anatiuza kuti dokotala uja, ataona kuti makoswe a m'bokosi lamatabwa sakufanso ndi chisanu, analamula kuti udzu aziuwiritsa kaye, kuuyanika, n'kuwayalira. Anayambanso kuwapaka inki pamsana kuti azigona awiriawiri. Amayi anangoti, "Zabwino zake," n'kupitiriza kutongola chimanga.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mdzukulu wanga wina anaphunzira za mankhwala, ndipo amagwira ntchito kumene amasunga makoswe otere. Akuti kumeneko kuli malamulo: khoswe asagone yekha popanda chifukwa, akhale ndi pobisala ndi zoyala, chipinda chisazizire, ndipo usanamubaye uyenera kufotokoza kwa anthu ena chifukwa chake. Akuti wosamalayo akaona kuti nyama ikuvutika, ali ndi ufulu woyankhula, ndipo madokotala amamumvera. Ndinamufunsa kawiri ngati amamveradi munthu wongosesa ndi kudyetsa. Anati eya, agogo, n'kuseka kuti ndadabwa ndi zazing'ono.

Ndinakondwa, koma sindinathe kuseka naye. Amayi anakhala zaka makumi atatu akuyang'ana kumsewu, ndipo anatsikira kuli chete akukhulupirira kuti mwamuna wawo anataya ntchito, nataya banja, chifukwa cha makoswe. Ndinawadwazika ndine. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, ndipo tsiku lililonse ndinkati ndiwauza mawa. Bambo anandiletsa ndili mwana, koma atachoka panalibenso wondiletsa. Ndinali ine, amayi. Mabokosi aja ndinatsegula ndine.