Kamawu kakuti "put" kanandivula pamaso pa Nyagondwe

Loweruka la sabata yatha ndinali pakhonde ndikupolisha nsapato pamene Nyagondwe, mayi woyandikana nafe nyumba kuno ku Area 23, anafika ndi foni m'manja kuti ndiwawerengere uthenga. Mayiwa amuna awo anamwalira, ndipo ana atatu amawalera ndi mandasi. Anafunsira ntchito yophika pasukulu ina yogonera komweko cha ku Njewa, ndipo anauzidwa kuti akapezeke Lachitatu kukayankha mafunso. Tsopano kunabwera uthenga wina, wa Chingerezi.

Mumzere wathu wa nyumba, "ophunzira" ndine. Folomu 4 ndinamaliza, dzina langa limatuluka m'nyuzipepala. Kalata ya kuchipatala, ya kusukulu, pepala la mankhwala, zonse zimafikira pakhonde panga.

Uthengawo unali wachidule: "Interviews have been put back by two days."

Liwu lililonse ndinalidziwa. Put ndi kuika. Back ndi kumbuyo. Masiku awiriwo ngakhale mwana wa sitandade 2 angakuuzeni. Koma nditawaphatikiza, mutu unaima. Kumbuyo kwa Lachitatu n'kuti? Mukakhala pamzere kuchigayo n'kukubwezani kumbuyo, ndiye kuti mugayitsa mochedwa. Apo ndi Lachisanu. Koma mukaika chala pa kalendala n'kubwerera kumbuyo, mufika Lolemba. Nanga mzungu akamati kumbuyo amakhala atayang'ana kuti?

Mukuganiza kuti ndinawauza mayiwo kuti zandisokoneza? Ayi ndithu. Ndinapukuta magalasi, ndinagwedeza mutu ngati dokotala, n'kunena kuti uthengawu ndi wakuya, ufunika kuufatsira.

Nyagondwe ananena mwaulemu kuti mwina angoimba pa nambala yomwe yatumiza uthengawo. Apa ndinakalipa. Ndinati akaimba, anthu aja adziwa kuti Chingerezi sachimva, ndipo dzina lawo alifufuta tsiku lisanafike. Anapepesa, n'kubweza foni m'chitenje.

Masana ndinapita kwa a Chikopa, mphunzitsi wopuma pantchito wochokera ku Mulanje, amene amaswera pa bawo kuseri kwa golosale. Ndinawafunsa ngati ndikuwayesa mayeso, kuti asaone kuti ndasowa pogwira. Mnzawo wosewera nawo, yemwe anagwirapo ntchito yoyendetsa galimoto kwa azungu, anati ndi Lachisanu. A Chikopa anaponya nkhomo pansi.

"Achimwene, ine ndaphunzitsa ana inu musanamere ndevu. Back ndi kumbuyo, kumbuyo ndi Lolemba. Nkhani yatha."

Dalaivalayo anati iye wamva azungu akuyankhula ndi makutu ake, osati m'buku. A Chikopa anati kumva injini sikudziwa galamala. Anakangana mpaka bawo linaiwalika. Amuna atatu akuluakulu, ndipo palibe mmodzi yemwe anati sakudziwa. Ine ndinatenga Lolemba, chifukwa a Chikopa ndi achikulire komanso ndi omwe anakuwa kwambiri.

Lolemba Nyagondwe sanakazinge mandasi. Anavala zakutchalitchi, anakwera minibasi ziwiri, anakafika kusukuluko n'kupeza ofesi yotseka. Mlonda wapageti ndiye anawauza, m'Chichewa chomveka bwino, kuti mafunso ali Lachisanu, ndipo kuti iwo sanali oyamba kubwera tsiku lolakwika m'mawa umenewo. Anawafunsanso kuti bwanji osangoimba foni.

Atandifotokozera, ndinapsa mtima. Poyamba ndinakwiyira Chingerezi chenichenicho, ndipo mpaka lero sindinachikhululukire.

Taganizani. Kusekondale aphunzitsi ankalemba pabolodi mndandanda wa put, ife n'kumauimba ngati nyimbo, iwo ali ndi ndodo m'manja. Put on ndi kuvala. Mwana aliyense wanzeru angaganize kuti put off ndi kuvula. Ayi, kumeneko n'kukankhira chinthu ku tsiku lina. Kuvula anakupereka kwa take. Put out n'kuzimitsa moto. Put up n'kugoneka mlendo m'nyumba mwako, koma ukangowonjezera with, wayamba kupirira munthu wotopetsa. Mwina apo pokha pali nzeru, chifukwa alendo ena amayambadi ndi kugonekedwa n'kuthera pa kupiriridwa.

Mneni ndi mmodzi, koma ana ake ali ngati a nyumba ya mitala: dzina la bambo ndi limodzi, khalidwe aliyense lake. Ifenso tili ndi kudya, kudyera, kudyetsa, kudyeka, koma ukawayang'ana kumaso umaona kuti ndi pachibale. Achingereziwa sungawaganizire. Ngati sunakumane nawo pamaso, suwadziwa, ndipo kuloweza kwathu kuja kunatipatsa asanu kapena asanu ndi mmodzi basi. Otsalawo tikukumana nawo ukulu uno, pa foni za anthu ena.

Kenako ndinakwiyira wolemba uthengayo. Ukufuna munthu wophika nyemba, ukumulembera zoti aphunzitsi opuma pantchito akanganirane? Liwu lakuti Friday linakulakwira chiyani? Lachisanu nalo linatha m'foni mwako? M'maofesi mwathu muli matenda oti uthenga ukamveka msanga ndiye kuti wolembayo sanaphunzire.

Ndinali ndikukalipa chonchi pabalaza pamene mayi akunyumba anasiya kusita, n'kundiyang'ana.

"Bambo a Chisomo, Chingerezi sichinakwere minibasi. Anakwera ndi Nyagondwe, ndipo munawakweza ndinu."

Ndinavomera mumtima kuti akunena zoona.

Chifukwa taonani mmene zinakhalira. Mwamwayi ndinalakwitsa powatumiza tsiku lisanafike, mayiwo anangotaya tsiku la malonda. Bwanji zikanakhala mwina, tsiku lenileni n'kukhala Lolemba ine n'kuwauza Lachisanu? Akanakafika ntchito itapita kale, ndipo ine ndikanapitiriza kupolisha nsapato zanga, ndikadali "ophunzira" a mumzere muno.

Ichi ndicho chikundizunguza mutu. Munthu yemwe sanapite patali ndi sukulu anali ndi njira yolondola kuyambira pachiyambi: kufunsa mwiniwake wa uthenga. Ife a masatifiketi ndi amene tinamutsekera njirayo. Tinaphunzitsidwa kuti wofunsa m'kalasi ndi mbuli, ndipo tinakula nazo. M'makwalala mwathu munthu amavomera kuti alibe ntchito, amavomera kuti mkazi wamuthawa, koma kuvomera kuti liwu la Chingerezi lamupita, ayi. Ndi anthu angati ku Kawale, ku Chinsapo, ku Mgona amene anaphonya tsiku la kuchipatala kapena la kukhoti chifukwa wowawerengera kalata anaopa kuoneka wosadziwa?

Lachisanu Nyagondwe anapitanso. Akuti mafunso onse anali m'Chichewa. Anawafunsa mmene angaphikire nyemba za ana ambiri osazipsereza, ndi chimene angachite nkhuni zikanyowa.

Dzulo anafikanso pakhonde, foni m'manja. Anandipatsa kuti ndiwerenge. "We have put you down for the morning shift." Put uja wabweranso. Ine put down ndimamudziwa patatu: kuika katundu pansi, kunyoza munthu, ndi kupha galu wodwala. Palibe chimodzi mwa izi chomwe ndikanafuna kuuza mayi wa ana atatu.

Ndinawabwezera foniyo ndi manja awiri.

"Mayi, ndisakunamizeni. Ichi sindikuchidziwa. Imbani muwafunse."

Anaseka mpaka kugwira chipilala cha khonde.

"Ndaimba kale, adada. Andilemba ntchito, ndizilowa m'mawa. Ndimangofuna kuti nanunso muone."