Sikelo ya Fodya pa Bwalo la Ragibi

Mapointi 45 kwa zilo, chigawo choyamba chisanathe. Ndi mmene zinalili pa bwalo la fumbi la ku Lisasadzi tsiku limene a Sankhani Kamkwamba anaimitsa mpira wa ragibi anthu akuufunabe.

A Sankhani ndi mlimi wa fodya. Mkati mwa sabata amakhala m'chigafa, kusankha masamba ndi kudinda mabelo. Loweruka amakoloweka wezulo m'khosi n'kukaimbira ana asukulu. Masewerawa anawadziwira ku Mtunthama, komwe bambo awo ankatchetcha udzu pa bwalo.

Kuno matimu amakumana potengera kalasi: Sitandade 7 ndi Sitandade 7 inzake. Koma ana a m'maesiteti amajomba nyengo ya fodya, n'kubwereza kalasi kawiri katatu. Ndiye m'kalasi imodzimodzi mumapezeka kamwana ka zaka 12 ndi mnyamata wandevu amene amagubuduza belo yekha.

Zaka zingapo zapitazo Masautso, mwana wa mlongo wawo, anagweredwa ndi anyamata otere pa mpira wa ragibi, a Sankhani ali m'gulu la oonera. Panamveka kaphokoso, thyo, ngati phesi louma. Mpaka lero Masautso amangokhala pakhonde, miyendo ili m'chitenje, maso kumsewu. Phesi likathyoka m'chigafa, manja a amalume akewo amaima okha.

Tsiku la ku Lisasadzi lija Goodness, chimnyamata cha timu ya kuesiteti yomwe inkawina, anatenga mpira n'kulunjika pa Chikhumbo, wamng'ono pa onse. Kamwanako sikanathawe. Kanaweramitsa mutu, kanatseka maso, ndendende mmene anachitira Masautso. A Sankhani anamva thyo uja asanachitike. Wezulo inalira awiriwo asanagundane.

"Mpira wathera pomwepa," anatero a Sankhani.

"Lifali wadya chibanzi!" anakuwa wina. "Bwererani kuchigafa, madala!"

A Petros, mphunzitsi yemwenso ndi kochi wa timu yowinayo, anafika akupukusa chipewa. "Achimwene, mwana wanga walakwanji? Kukula wasanduka mlandu?"

"Sanalakwe. Goodness, tamunyamula mnzakoyo."

Goodness anamuyangata Chikhumbo ndi dzanja limodzi, miyendo ili lendelende. Anthu anaseka, kenaka kuseka kuja kunazima.

"Onsewa ndi a Sitandade 7," anatero a Petros.

"Belo ndi kamtolo zonse ndi fodya, aphunzitsi. Nanga china chikagwera chinzake?"

"Ana anga aphunzira masewerawa movutikira, inu n'kuwalanda chigawo chathunthu. Sabata yamawa tipeza lifali wina."

A Sankhani ankadziwa kuti a Petros si munthu woipa, ndiponso kuti lifali wina apezekadi, woimbira mpaka pamapeto.

Pobwerera anadzera kwa mlongo wawo. Masautso anali pamalo ake.

"Amalume, yawina iti?"

"Sunathe mpirawo."

Mnyamatayo anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anabweza maso kumsewu.

Atafika kwawo, a Sankhani analowa m'chigafa n'kutsitsa sikelo yolendewera ija amayezera fodya. Anaipukuta fumbi, anasankhanso saka lolimba loti mwana n'kukhalamo. Loweruka aimangirira panjinga, akaikoloweka pamtengo wa mango wa pabwalo, ndipo akayeza mwana aliyense mpira usanayambe. Opitirira makilo 50 akasewera okhaokha, ochepera okhaokhanso. Lifali wina akabwera, akapeza sikeloyo ili kale pamtengo.