Thabwa la Mkate la a Sidhom Ghattas

Okondedwa a mpingo wathu, ine ndayenda! Ndagulitsa matailosi ku Kuwait, ndamwa khofi ku Milano, ndagwirana chanza ndi madokotala a mayina ataliatali. Koma munthu wodziwa khosi ngati malemu Sidhom Ghattas, amene ankatiphikira mkate wa Misa, sindinamupeze kwina kulikonse.

A Sidhom anabadwira kuno ku Samalut m'banja losauka. Anakula akugulitsa mkate pa njinga, thabwa lalitali lodzaza mkate lili pamutu. Ali ndi zaka makumi awiri, khosi linauma gwaa. Anapita kwa wometa tsitsi, amene ankawongolanso makosi, monga ankachitira aliyense, ndipo iye anawagwira chibwano n'kupotokola. Khosi linalira kuti phwa! Kuyambira tsiku limenelo mutu wawo unapendekeka, ndipo zala ziwiri za kumanzere sizinamvenso kanthu.

Sanadandaule. Anayamba kusesa pa kachipatala ka masisitere, akufunsa mafunso mpaka kuwatopetsa. Kumeneko anaphunzira kuti khosi lowawa limafuna kuthowa, kutembenuza pang'onopang'ono ndi pilo wamfupi, ndiponso kuti zala zikachita dzanzi, imeneyo ndi ntchito ya dokotala.

Kenako Abuna Bisada, wansembe wathu, anawapatsa uvuni wa tchalitchi. Zaka makumi anayi anakanda ufa akuimba Masalimo. Mkate ukapsa, ankatenthetsa timatumba ta mchere pamwamba pa uvuni, ndipo pabenchi pankadzaza anthu: osoka zovala, oyendetsa malole, amayi osenza mitolo.

"Mwagonanso pa mapilo atatu ngati mfumu, eti?" ankatero. "Khosi si nkhuku yoti muipotokole, m'bale wanga. Linyengerereni."

"Nanga lanulo bwanji simuliwongola, amalume?"

"Langali Ambuye analisiya chonchi kuti ndizimvetsera bwino mabodza anu."

Chiyeso chawo chachikulu chinabwera ndi Nargis, mwana wa mayi Fayqa. Patatsala masiku atatu kuti ukwati wake udalitsidwe, anagwa pamasitepe atasenza botolo la gasi, khosi n'kupindika. Lolemba lotsatira, kusala kwa Lenti kunali koti kuyambe, ndipo mukudziwa kuti Lenti ikayamba palibe ukwati mpaka Pasaka itadutsa. Mayi Fayqa anaitana a Sidhom mothamanga.

"Amalume, muwongoleni msanga! Chisoti cha ukwati chikhala bwanji pamutu wopendekeka?"

A Sidhom anagwira dzanja la mtsikanayo. "Mwana wanga, ndakugwira chala chiti?"

"Sindikumva, amalume."

Nkhope yawo inasintha. "Pasapezeke womugwedeza. Akupita kuchipatala ku Minya, chogona."

"Chipatala? Nkhosa tagula kale, alendo a ku Cairo ali m'njira! Chikhulupiriro chanu chili kuti? Itanani wometa tsitsi!"

Wometa tsitsi wina wachinyamata anafikadi, atapinda kale manja a malaya. Pamenepo nkhalamba yofatsa ija, imene sinakalipirepo ngakhale mphaka, inaima pakhomo n'kukweza zala zake ziwiri zakufa.

"Taona izi, mwana wanga. Ukafuna kulowa, uyambe wapotokola langali."

Wometa tsitsi anabwerera. A Sidhom anatumiza anthu kukatenga thabwa lawo lakale la mkate, anamugoneka Nargis pamenepo, n'kuika matumba a mchere uku ndi uku kuti mutu usasunthe. Mkwatibwi anadutsa mumsika pa thabwa la mkate, mayi ake ali pambuyo kukuwa kuti, "Khosi lopindika iwe, wandiphera ukwati!" A Sidhom ankangonong'ona kuti, "Ambuye, tichitireni chifundo."

Madokotala anapeza kuti fupa la m'khosi linali ndi mng'alu. Ananena kuti akanangolipotokola, mtsikanayo sakanayendanso. Abale anga, ndaona zipatala zazikulu, koma nzeru ngati imeneyo, yochokera pa uvuni wathu womwe uno, ayi ndithu!

Ukwati unachitika Pasaka itadutsa. Abuna atamuveka chisoti, Nargis anaimirira chilili, mutu uli njo, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Mayi Fayqa anagwada kuti apsompsone dzanja la a Sidhom. Iwo analibweza n'kunena kuti, "Mayi, nkhosa ija ilipobe, kapena munaidya ndi mkwiyo?"

Anafika zaka makumi asanu ndi atatu akadaphikabe. Lamlungu lina m'mawa, mwezi wathawu, anatulutsa mkate womaliza, anadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kukhala pabenchi paja, mutu uli pendeke monga mwa masiku onse. Anthu ankaganiza kuti akumvetsera belu. Anali atapita kwa Ambuye.

Thabwa lija lili chiimire pafupi ndi uvuni. Matumba a mchere akutenthetsedwabe, ndipo wowatenthetsa ndi Nargis, amene tsopano ndi mayi wa ana anayi. Aliyense wobwera ndi khosi lowawa, asanamuthowe, amayamba wamugwira dzanja n'kufunsa kuti, "Ndakugwirani chala chiti?"

Ambuye awapumitse mu mtendere.