Munda wa a Isaiah Uli M'masaka

Kuno ku Chawama aliyense ali ndi chake chodzitama nacho. A Isaiah Njobvu, amene nyumba yawo ndi yanga zinagawana khoma, amadzitama ndi ulimi, ngakhale khasu analigwira komaliza mu 1991, chaka chimene anachoka ku Katete. Zaka makumi atatu zotsatira anazithera kunyamula masaka a ufa m'nyumba yosungiramo katundu ku Heavy Industrial Area, mpaka msana unati basi, ndalema. Atapuma ntchito anayamba kukhala pa njerwa panja n'kumaweruza mitambo, ndipo mitamboyo sinawamverepo ngakhale tsiku limodzi.

Mavuto anadzera pa foni. Mkulu wawo, a Edmond, mlimi weniweni wa ku Katete, anangonena mocheza kuti anthu a m'tauni ngakhale tsabola amachita kugula. Mawuwo anawalasa a Isaiah pamtima.

"Akulu, ine nili na munda," anatero mokweza kuti tonse timve. "Mukabwele mu May, muzadye kandolo wanga."

Atadula foni, akazi awo, a Virginia, anaima pakhomo ndi chikombe m'manja. "Atate ake Deborah, munda uti?"

Mundawo unapezeka sabata yomweyo: masaka khumi ndi limodzi odzaza dothi ndi manyowa a nkhuku, ondandalikidwa pakati pa bafa ndi mpanda. Anabzalamo kandolo, mbatata ija. Chinali chaka cha chilala cha 2024, koma munda wa a Isaiah sunkadalira mvula. Madzi onse otsukira mbale ankathera kumeneko, ndipo mbewuyo inayanga mokondweretsa.

Apa ndiye munthu analakwira. Ntchito yawo yakale inawaphunzitsa lamulo limodzi: chilichonse chotuluka m'saka ndi chotayika. Ataona masamba akusefukira kunja, anati izi ndi mbava, zikuyamwa chakudya cha kandolo. Loweruka lililonse m'mawa ankatenga sizasi ya akazi awo n'kumeta masaka onse mpala. Masambawo, kalembula amene timagula pamsika, ankagawira mzere wonse wa nyumba. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ife anansi pakamwa panali ndiwo, ndipo khutu la munthu sitinalikhudze. Ine ndinadya nawo miyezi itatu, ndikuvomera, ndipo manyazi ndikuchita panopa.

Amene anatiwonongera zinthu ndi bana Chiti, mayi wa Chibemba wa nyumba ya pakona, amene anali ku Kasama kudwazika mchemwali wake. Mayiyu anatsuka mabotolo m'labu ya sukulu ya sekondale zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo phunziro la mbewu analimva kambirimbiri kuposa mwana aliyense amene analemba mayeso. Atabwerera mu Epulo, anapeza a Isaiah ali pakati pometa.

"Ba Njobvu, muchita chani?"

"Nichosa bakawalala."

"Mwe bantu! Imwe munasebenza ku Industrial. Niuzeni, ngati mwapisha banchito bonse mu fakitale, ufa uzachoka kuti?"

Anathyola tsamba n'kuliyang'anitsa kudzuwa. Anati tsamba linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'kachipinda kalikonse muli timatumba tobiriwira, makuloropulasiti, ndipo ndito timagwira kuwala kwa dzuwa, n'kutenga madzi ndi mpweya, n'kupanga shuga. Shuga wina timayamba tamusunga momwemo ngati sitachi, koma wambiri amatsika ndi tsinde kupita pansi. Kumeneko, m'maselo a kandolo, muli timatumba tina topanda mtundu, maamilopulasiti. Ito sitipanga kanthu ndi dzuwa. Ntchito yake ndi kulandira shuga, kumulumikiza, ndi kumusanja mothinana mpaka akhale timibulu ta sitachi. Timibulu timeneto ndito timakhutitsa munthu.

"Pamwamba ni fakitale, pansi ni kosungila katundu," anamaliza. "Manje imwe mwaika loko ku fakitale, mwankala pa geti muyembekeza lole."

A Isaiah anati mayina aataliwo ndi ongoopsezera anthu. Bana Chiti sanakangane nawo. Anakatenga kabotolo ka ayodini wopaka pabala ndi kandolo wa kumsika. Anadula, anadonthezera, ndipo pomwepo panada bii, chizindikiro chakuti sitachi alimo wambiri. Kenaka anapisa dzanja m'saka limodzi n'kuzula kamuzu kowonda ngati chingwe cha nsapato. Anadonthezeranso. Panangooneka kachidontho kotuwa.

"Mwina iyi ni saka yaulesi," anatero a Isaiah, koma mawu anali atachepa.

Sizasi inabwerera kwa mwini wake tsiku lomwelo. Ife tinabwerera kogula repu, ndipo bana Chiti tinawapatsa moni wouma kwa sabata ziwiri. Koma a Isaiah ndinawamvera chisoni. Kunatsala sabata zisanu zokha. Munthu anasiya kuweruza mitambo, n'kumakokera masaka kumene kuli dzuwa, msana womwe uja. Anaganizapo zokagula kandolo ku msika wa Soweto kuti amukwirire m'masakamo, koma a Virginia anakana. "Mlimi aziba kandolo wa mu msika. Muzasekewa kabili."

A Edmond anafika Lachisanu masana. Zaka zonse ankabwera ndi nsawawa ndi nkhuku yomanga miyendo. Ulendo uno anali ndi kachikwama kokha, ndipo jekete linkawakulira. Atangomwa madzi anati, "Tiye, Isaiah, ndikaone munda."

Tonse tinali pampanda. A Isaiah anakhuthula saka loyamba, lachiwiri, mpaka la khumi ndi chimodzi, thukuta lili kamukamu. Zokolola zonse zinakwana m'mbale imodzi, ndipo wamkulu pa onse anali ngati chala cha mkombaphala. A Edmond anaseka. Anaseka mpaka kukhosomola, mpaka kukhala pansi pa njerwa ija. Mng'ono wawo anangoima, maso ali pa nsapato.

Kuseka kutatha, a Edmond anatola mulu wa nthambi zobiriwira zimene zinayanganso m'sabata zisanu zija. Anazisisita nthawi yaitali.

"Izi utaya?"

"Ni masamba chabe, akulu."

"Kwathu dzuwa latentha zonse," anatero motsitsa mawu. "Chimanga sindinakolole ngakhale dengu. Kandolo anauma ndi mbewu yomwe. Dimba lili ndi timadzi, koma chobzala ndilibe, ndipo mudzi wonse palibe amene ali nacho. Ndimachita manyazi kukuuza pa foni."

A Isaiah anawerama ndi msana wawo wovutawo, nayamba kudula nthambizo m'zidutswa zobzala, n'kumazimanga mitolo ndi nsalu yonyowa. Anadzaza masaka awiri. Pomanga lachiwiri mphuno anaipukuta kangapo.

"Mukabyale pamene pali zuba, akulu," anatero. "Ndipo masamba musazidula. Nizakufotokozelani bwino mukadya."