Pasipoti Pansi pa Zovala za Malemu

Amene anapeza ndege yotchipa ija anali mkazi wanga. Ine ndinali nditavomera kale kupita ndekha. Koleji ina ya ku Mangalande inandipatsa malo a zaka ziwiri, ndipo ondithandiza anapereka za tikiti ya munthu mmodzi basi. Iye anayenda masiku atatu m'maofesi ogulitsa matikiti mu Cairo Road, nabwera kunyumba ku Kabwata mapazi atatupa, nati wapeza ndege ya dziko lina la kum'mawa kwa Ulaya imene ingatinyamule tonse awiri pa mtengo womwewo. Inkanyamuka Lachinayi lokha. Inkatera kawiri panjira, ndipo pena tikanadikira ina tsiku lathunthu pa benchi.

Kalaliki wa matikiti anatichenjeza akulemba mayina athu. "Ba ticha, iyi tikiti siichinjika. Tsiku ni ili, dzina ni ili. Mukachedwa, yapsa."

Ku koleji nako anali atalemba momveka: ndikalembetse Lolemba lotsatira, apo ayi malo apita kwa wina.

Zotsala zonse anayendera mkazi wanga, ine ndili m'kalasi ndi choko: kalata ya tcheyamani wa chipani wa kudera kwathu, mzere wa mapasipoti, viza, chilolezo chotulukira ndi ndalama zakunja, ndi katemera amene amalemba pa kadi lachikasu. Mapepala onse anawaika mu envulopu imodzi, naiika pansi penipeni pa sutikesi yake, zovala pamwamba. Ankati ine ndimataya zinthu, ndipo sankanama.

Kutatsala masiku khumi anayamba kudandaula mutu. Lachisanu m'mawa anamwalira. Madokotala anati malungo anafika kumutu. Abale ake anati ndi jakisoni wa ulendo uja.

Kanyumba kathu kanali kochepa, choncho maliro anakhala ku Chelstone, kwa atsibweni ake. Katundu wa malemu yense anamutengera komweko, sutikesi yomwe, naimanga ndi chingwe cha khonje. Kwathu za malemu sizikhudzidwa mpaka tsiku logawa, ndipo wamasiye sayandikirako, salozako ngakhale chala. Tinaika maliro Lolemba. Kugawa anati Loweruka. Ndege inali Lachinayi.

Lachiwiri ndinawapeza atsibweni kuseri kwa nyumba, ndinagwada, ndinawafotokozera za pasipoti ndi tikiti yanga zimene zinali m'sutikesi ija. Sindinafune kupita chifukwa chokondwa. Ndinkangodziwa kuti ndikabwerera ku Kabwata ndidzakhala ndikuyang'ana makoma. Pasipoti ina sikanatuluka m'masiku awiri, viza ayi ndithu.

Atsibweni anagwira ntchito ku njanji mpaka kupuma, ankadziwa tanthauzo la nthawi yolembedwa pa tikiti. Anati, "Mkamwini, chingwe chija sindingamasule ndekha. Koma tsiku ndikhoza kusuntha. Tigawa Lachinayi, eyiti koloko. Ndege yanu ndi nthawi yanji?"

Ndinati inyamuka 3 koloko, koma amatseka kulandira anthu ikangopitirira 1 koloko.

"Nthawi ilipo yambiri," anatero.

Alamu anga, mkulu wake wa mkazi wanga, anali pawindo la kukhitchini, ndipo anamva zonse. Ndiwo anamulera mkazi wanga amayi awo atamwalira. Kale tinkaseka nawo kwambiri, monga achitira munthu ndi mlamu wake. Anatulutsa mutu nati, "Alamu, dothi la pamanda silinaume, inu mufunsa za ndege?"

Zovala za mkazi amagawa ndi akazi, ndipo mkazi wamkulu pa banja lija anali iwowo.

Lachinayi anandikhazika pamphasa pakona ya chipinda chochezera, mutu wometa, wopanda nsapato. Wotchi anali atandivula tsiku lometa. Mphunzitsi mnzanga, wa ku Copperbelt, anaimika galimoto yake panja pa mpanda, chikwama changa chili m'mbuyo. Kuchokera ku Chelstone kufika ku bwalo la ndege si patali.

Eyiti koloko sitinayambe, chifukwa alamu anati azakhali awo a ku Libala sanafike. Anafika dzuwa litakwera. Kenaka pemphero, kenaka nyimbo, ndime zonse. Alamu sanayambe ndi sutikesi. Anayamba ndi mapoto, mbale, makapu, nsalu za pawindo. Chilichonse ankachikweza m'mwamba, nanena kumene malemu anachigula, nafunsa anthu kuti chipite kwa yani, ngakhale zinkaoneka kuti anali atasankha kale.

Pamene ankamasula chingwe, mthunzi wa chitseko unali utafupika. Sanadule chingwecho. Anamasula mfundo imodziimodzi ndi zikhadabo, nachikulunga bwinobwino.

Deresi iliyonse ankaikung'untha, naiyeza pa thupi la amene akumupatsa, naipindanso. Pa siketi ina yobiriwira panabuka mkangano pakati pa asuweni awiri, ndipo alamu anawalola kukangana mpaka atatopa okha. Atafika pa jasi yokhuthala imene tinagula ku msika wa Kamwala chifukwa cha chisanu cha ku Mangalande, anaitambasula nandiyang'ana.

"Iyi ndiye tipatsa yani? Kuno ingatiphe ndi thukuta. Alamu, mutenge, mukamuveke mzungu wanu."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Panja mnzanga analiza hutala kamodzi.

Atsibweni anatsokomola nati, "Mayi, fulumiraniko pang'ono."

"Atsibweni," alamu anatero, osakweza mawu, "mwana wa mlongo wanu anathamanga miyezi itatu m'tauni muno kufunira munthu uyu mapepala. Anathamanga mpaka m'manda. Lero tithamangenso ife?"

Atsibweni anayang'ana nsapato zawo mpaka mapeto.

Zovala zitachepa ndinaona ngodya ya envulopu ija. Alamu nawo anaiona. Anaitulutsa, anaitembenuza, naiika pansi pa ntchafu yawo.

"Mapepala pomaliza," anatero.

Panatsala nsapato, mipango, zipini za tsitsi, sopo, ndi botolo la mafuta odzola limene linali litafika pakati. Botolo limenelo linatenga nthawi, chifukwa alamu anafuna kuti mkazi aliyense m'chipindamo adzoleko pang'ono m'manja. Fungo lake linadzaza chipinda. Linali fungo la pakhosi pa mkazi wanga, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti ndikudikira kanthu.

Pakati pa pamene ndinakhala ndi pamene panali alamu panali mapazi anayi okha. Ndikanatha kuimirira, kutenga envulopu, ndi kutuluka. Palibe mwamuna m'nyumbamo amene akanandigwira. Ndadzifunsa zaka zambiri chifukwa chimene sindinatero, ndipo yankho labwino ndilibe. Ndikuganiza kuti ndinkaona ngati ndikaimirira ndiye kuti ndavomera pamaso pa onse kuti ndinamupha ndine. Mwina alamu ankadikira chomwecho.

Wailesi ya kunyumba yoyandikana inaliza nyimbo ya nkhani za 1 koloko. Aliyense m'chipindamo anaimva. Mnzanga analizanso hutala, nthawi ino motalika.

Alamu anatsegula envulopu. Anatulutsa pasipoti ya mkazi wanga, naitsegula pa chithunzi. Anaiyang'ana, kenaka analira, ndipo kulira kumeneko sikunali kochita kupanga. Pasipotiyo inayenda m'manja mwa akazi onse, aliyense akafika pa chithunzi n'kuyambanso kulira. Ine chithunzicho ndinali ndisanachione bwino, chifukwa tsiku limene anabwera nacho ndinali kuchonga mayeso. Ndinatambasula dzanja pang'ono. Chinandilambalala, nichibwerera kwa alamu, amene anachilowetsa m'bulauzi.

Atapukuta misozi ndi chitenje, anapempha azakhali a ku Libala kuti atseke ndi pemphero. Azakhali anapempherera malemu, banja, odwala, mvula, atsogoleri a dziko, ndi onse oyenda maulendo.

Atati ameni, alamu anandikankhira envulopu pamphasa ndi nsonga za zala.

"Thamangani, alamu. Ndege ingakusiyeni."

Ndinaomba m'manja katatu, ndinati zikomo, monga ayenera kuchitira wamasiye polandira gawo lake. Nsapato ndinavalira m'galimoto.

Mnzanga anayendetsa mothamanga. Titafika, pamalo polandirira anthu panali patatsekedwa, mayi mmodzi akusonkhanitsa mapepala. Mnzanga anamuchonderera m'Chibemba, namuuza za maliro, namulozera mutu wanga wometa. Mayiyo anati pepani, mndandanda wapita kale kwa oyendetsa. Anayang'ana tikiti yanga, naona mtundu wake, nandibwezera. Ndege inali ikadali pabwalo. Tinakwera pakhonde la pamwamba, pamene operekeza amaimirira, ndipo tinaona akuchotsa masitepe.

Ndinatumiza telegalamu ku koleji. Yankho linabwera patapita milungu iwiri, la mizere itatu, laulemu kwambiri.

Ndinali nditabwerera kale kusukulu kumene ndinkaphunzitsa. A hedimasitala anali atapereka makalasi anga kwa mphunzitsi watsopano, ndipo anandipatsa otsala, Fomu 1 ya masana. Tsiku loyamba ndikudutsa pakhonde, atsikana a kalasi yanga yakale anatulutsa mitu pawindo. Nkhani ya maliro inali isanawafike onse.

"Ba ticha! Mwabwela kale? Ku Ulaya kuli bwanji?"

Ndinati kuli bwino, ndipo ndinawauza kuti akhale pansi.