Nandolo Wakuseri kwa Bafa

Fungo la makala onyowa limandibwezera ku Kawale, chaka chimene ndinali Sitandade 3. Amayi kwawo kunali ku Chiradzulu, ndipo anabwerako ndi nandolo wa mbewu m'kachitini. Anamubzala m'mbali mwa mpanda mvula yoyamba itangogwa. Ine ndinali chigonere ndi chikuku, motero tinjere timene anandisungira ndinatibzala mochedwa kwambiri, kuseri kwa bafa.

Pofika nthawi yokolola chimanga, nandolo wa amayi anali atapitirira mpanda, wanga akundilekeza m'chiuno. Abambo ankafuna malowo kuti amangepo khola la nkhuku.

"Mayi a Fanuwelo, tchire la mwana wanuli labereka chiyani? Nkhuku zizigona m'khitchini mpaka liti?"

"Dikirani chisanu, bambo," anatero amayi, akupeta mphale osatukula mutu.

"Chisanu chikafika lilibe duwa, ndizula ndekha."

M'mawa uliwonse ndinkathamangira kuseri kwa bafa ndisanasambe kumaso. Masamba okhaokha, onunkha sopo wa madzi osambira. Kenako mphepo ya Juni inayamba. Milomo inang'ambika, miyendo inatuwa, ndipo mdima unkatipeza mpira wa chikulunga tisanaumalize.

M'sabata imodzi yomweyo mpanda wonse unachita chikasu. Wa amayi wamtali uja anali ndi maluwa, wanganso wamfupi anali nawo, njuchi zili ng'ung'ung'u osasankha. Abambo anabwera ndi khasu, anaima kanthawi, kenako analitsamiritsa kukhoma.

"Iwe Fanuwelo, tenga chingwe. Khola tikaliyeza kumaso kwa nyumba."

Ine ndinkakhulupirira kuti nandolo wa amayi anamunong'oneza wanga kuti afulumire. Lero ndikudziwa kuti panalibe wonong'oneza. Njere iliyonse imabadwa ndi malangizo a mtundu wake, ndipo masamba amayeza kutalika kwa usiku. Usiku ukatalika mokwanira, chomera chimayamba maluwa, chitalike chifupike. Mpaka pano zimandigometsa kuti kanjere kochepa chotero kamasunga nthawi kuposa anthu ambiri amene ndinagwira nawo ntchito.

N'chifukwa chake nkhani ya babu la aneba anga kuno ku Area 25 sindiisiya. Limawalira pa nandolo wanga mpaka mbandakucha, ndipo Julaye akutha alibe duwa ndi limodzi lomwe. Ndinadandaula mu Meyi. Ndikupempha mwaulemu kuti andiyankhe, ndi kuti babulo alitembenuzire kubwalo kwawo.